Pulogalamu yako sinafe, yangoima

Eee mphwanga, pepa ndachedwa kuyankha, netiweki kuno ku Dedza yavuta kuyambira m'mawa. Ndamva funso lako. Ukuti umalemba mu vim, pulogalamu yolembera ija, pa Ubuntu paja (mtundu wa Linux), walakwitsa mzere, wadina Ctrl ndi Z kuti ubweze, basi zonse mbee, kwangotsala mawu akuti Stopped ndi ka 1 kumayambiriro. Mtima pansi, ntchito yako ilipo.

Chakupweteka ndi chizolowezi cha Windows. Kumeneko Ctrl Z imabweza zomwe walakwitsa, koma mu terminal, windo lolembamo malamulo lija, imauza pulogalamu kuti ima kaye. Zili ngati minibasi yaima pa Lizulu, dalaivala watsika kukagula kachewere, koma katundu wako ali momwemo. Ndiye ungolemba fg, f ndi g basi, udine Enter, ubwerera pomwe unasiyira. Ukafuna kuona zonse zomwe zaima, lemba jobs. Ndipo kubweza mu vim ndi Esc kenako u, kusunga ndi Esc, colon (:), w, kenako Enter.

Koma usatsegulenso fayiloyo kachiwiri, ndapota nawe. Ine ndikuphunzira ndinaitsegula katatu, vim n'kumandikalipira za swap file, kafayilo kamene imasungiramo ntchito yako kwakanthawi, pofuna kutuluka mu terminal akuti There are stopped jobs. Ndinatuluka thukuta m'kuzizira kwa June kuno, kuganiza kuti ndaononga laputopu ya eni ake.

Palinso ina idzakugwira, ndikuuziretu. Ctrl S. Iwe udzati ukusunga, sikirini n'kuuma gwaa, ukadina chilichonse osaoneka. Usazimitse kompyuta. Dina Ctrl Q imasuka, ndipo zomwe umadina zija zitulukira pamodzi, ndiye usamangomenya mabatani mwaukali. Zimenezi n'zakalekale, za makina a teletype a m'ma 1960 omwe ankasindikiza papepala. Ankachedwa, ndiye pankafunika njira youzira kompyuta kuti dikira, kenako pitiriza. Makinawo anatha koma mabataniwo anatsala. Ikakutopetsa lemba stty, mpata, kamzere, ixon, ndiye kuti stty -ixon, uyike mu .bashrc, fayilo imene terminal imawerenga ukaitsegula.

Yoopsa ndi Ctrl C, imeneyo pa mapulogalamu ambiri imathetseratu, fg sikuthandiza.

Yesa fg pompano undiuze. Bola sunatseke windo la terminal lija, eti? Ndipo uwauze amayi kuti ndibwera Loweruka, andisungireko nyemba zija.