Za feteleza wa azakhali

Eee, asuweni, ndamva uthenga wanu. Mukuti ndalama za sabuside boma limapereka liti? Hahaha, Joni wakuiwalitsani zambiri inu. Palibe ndalama imene munthu amalandira m'manja. Zandalamazo ndi Mtukula Pakhomo, ndi nkhani ina. Sabuside ndi feteleza wotsika mtengo basi: thumba limodzi la NPK, wokulitsa uja, lina la Urea, wobereketsa, lililonse makilogalamu 50, ndi kapaketi ka mbewu. Mlimi amalipirako yake, yotsalayo boma. Pulogalamu ya sabuside ya AIP itayamba mu 2020 thumba linali K4,495, kenako K7,500, pofika 2022 linali K15,000.

Ndipo makuponi a nthawi ya Bingu aja muiwale. Amayang'ana chiphaso cha unzika, kuchisikana pa foni ku depoti, dzina likatuluka ndiye mwagula. Netiweki ikagwa, anthu amagona pamzere.

Za chiphasozi... mukukumbuka amalume a njinga aja? Ayi, osati a ku Mitundu, enawo, a chipewa. Venda anawapeza pa sitolo, akuti bwana mudzavutikiranji pamzere, ndibwerekeni chiphaso, nayi ndalama. Iwo n'kupereka, n'kukagula wailesi. Wailesi, asuweni! Mvula itagwa, chiphaso chabwerera, akuti ndikayese mwayi. Atafika ku depoti, foni ikuti munthuyu anagula kale matumba onse awiri. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, koma makina sakumbuka kuti anabwera ndi ndani, amangodziwa nambala. Ndiye anakagula feteleza wa pambale kumsika, wina wosakaniza ndi mchenga, n'kumuwaza pamwamba pa mzere dzuwa lili phwee, osakwirira. Urea ukamusiya pamtunda amauluka, mphamvu yambiri imathera mumphepo. Amafunika kuboola kadzenje masentimita 10 kuchokera paphando, kuthira kachitsekero ka botolo, n'kukwirira, nthaka ili yonyowa. Chimanga chawo chinachita chikasu ngati chadwala, wailesi ikuimba bwinobwino pakhonde. Mpaka lero mukawafunsa amati inali mbewu yoipa.

Kaya ndimati chiyani... eya. Inu funso lanu si limene mwafunsalo, ndikukudziwani. Mukufuna kumva ngati chaka chino mungapume kutumiza ndalama za feteleza, poti azakhali ali pa sabuside. Musapume. Matumba awiriwo ndi a ekala imodzi yokha. Alangizi amati hekitala, pafupifupi maekala awiri ndi theka, imafuna awiri a NPK ndi atatu a Urea, ndiye werengani nokha munda wa azakhali wakuseri kwa tchalitchi uja, maekala atatu. Ukamwaza matumba awiri ponseponse, palibe phando lomwe limakhuta.

Komanso dzina si la muyaya. Poyamba opindula anali oposa 3 miliyoni, mu 2023 anatsika kufika 1.5 miliyoni. Kukhalapo chaka chatha sikutanthauza kanthu. Wina apite kwa alangizi ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'dera, kapena kwa amfumu akaone mndandanda, aonenso ngati dzina la pachiphaso likufanana ndi lolembedwalo, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana amakubweza.

Vuto lina ndi nthawi. NPK amathira pobzala kapena chimanga chikangomera, sabata isanathe, Urea pakatha masabata atatu. Nthawi zina ku depoti kumapezeka Urea yekha, NPK n'kudzafika chimanga chili m'mawondo, ntchito yake itadutsa.

Ndiye tumizani, asuweni. Sabusideyo muiwerenge ngati ya ekala imodzi, maekala awiri enawo ndi anu: a NPK awiri, a Urea awiri, pepani, atatu ngati ndalama zanu zikulola. Ndipo ndalamayo itumizeni mu Seputembala kapena Okutobala, mvula isanagwe, mitengo isanapenge. Muyambe ndi NPK, Urea atha kudikira pang'ono.

Mwamva? Musadikire boma, ndalama ibwere msanga, wokulitsa akhale m'nyumba. Ndipo muwaimbire azakhali muwauze chiphaso chisachoke m'chikwama chawo, ngakhale amalume atabwera ndi nkhani yokoma bwanji.