FUNSANI AMAKANIKO: Oyilo wa kampani iti mu GTI yanga?

Amakaniko, moni. Ine ndimakhala ku Chilomoni ndipo mwezi watha ndagula Golf GTI, ija ya Mk6, kwa mkulu wina amene anaibweretsa kuchokera ku Joni. Galimotoyo ikuyenda bwino kwambiri moti ndikaponda pa Masauko Chipembere usiku mtima umachita kuti myaa, koma nthawi ya sevisi yakwana ndiye mutu wandizungulira. Mnzanga wa ku ntchito akuti Castrol basi, wina akuti Motul ndi amene amathira anthu a mipikisano, mlamu wanga akuti Total Quartz chifukwa amapezeka pa filing'i iliyonse, pomwe makaniko wa kwathu kuno akuti zonsezo ndi zachibwana ndingothira 20W-50 poti kuno kumatentha. Ndimvere ndani? Ndalama zavuta, sindikufuna kutaya pachabe.

Wa GTI, Chilomoni

Achimwene a ku Chilomoni, zikomo polemba, ndipo mwachita bwino kufunsa musanathire. Ndiyambe ndi makaniko wanuyo chifukwa ndi amene angakupheni injini msanga: 20W-50 ayi. Musalole ngakhale atakulumbirirani pa manda a agogo ake. Oyilo ameneyu ndi wabwino mu minibasi yakale ya ku Ndirande yomwe injini yake inatha kale mkati, kapena mu pikapu ya zaka za m'ma 80, koma mu injini ya TSI ngati yanuyo, mtundu wa injini za petulo za Volkswagen zokhala ndi turbo, ndi phala lenileni. M'mawa wa mwezi wa June chiperoni chikuwomba, mukaliza injini, oyilo wolimba choncho amachedwa kukwera kukafika kumutu kwa injini ndi ku turbo, ndipo ka tensioner kamene kamakoka tcheni cha timing kamadalira mphamvu ya oyilo kuti kagwire ntchito. Ma GTI a mtundu umenewu amadziwika kale ndi vuto la ka tensioner kameneka, ndiye inu muzikawonjezeranso mavuto? Tcheni chikangodumpha mano, mavalavu amatha kugundana ndi mapisitoni, ndipo ndalama yomwe mumasunga pa oyilo ija idzakhala ngati ya mandasi poyerekeza ndi yomwe mudzalipire.

Tsopano za Castrol, Motul, Total. Anzanu atatu aja akukangana za dzina lomwe lili kutsogolo kwa chigubu, pomwe nkhani yeniyeni ili kumbuyo, pa timalemba ting'onoting'ono tija anthu safuna kuwerenga. Tembenuzani chigubucho mufufuze pomwe palembedwa VW 502 00. Nambala imeneyi ndi ya a Volkswagen eni ake, kutanthauza kuti oyiloyo anayesedwa ndipo anavomerezedwa kuti athiridwe mu injini zawo za petulo zamphamvu ngati yanuyi. Nambalayi ikakhalapo ndipo oyiloyo ndi fully synthetic 5W-40, gulani, kaya ndi Castrol, Total Quartz, Shell Helix, Liqui Moly, Motul kapena Mobil 1, injini yanu siwerenga dzina. Ikasowa, chisiyeni chigubucho pa shelefu ngakhale chitakhala chokongola ngati mkwatibwi. Ndipo chenjerani ndi chizungu cha pamenepo, ena amalemba "approved" pomwe ena amangolemba "meets requirements", woyambayo ndiye kuti a VW anasainira, wachiwiriyo ndi kampani ya oyilo ikudzitamandira yokha. Ine ndimatenga woyambayo nthawi zonse ndikamupeza.

Kampani iliyonse mwa zimenezi ili ndi oyilo wa mitundumitundu. Castrol yemweyo ali ndi GTX wa galimoto wamba komanso Edge wa injini zolusa, Total ali ndi Quartz 5000, 7000 ndi 9000, ndiye munthu akangoti "ndimathira Castrol" sanakuuzeni kanthu, zili ngati kunena kuti ndadya ndiwo osatchula kuti ndi chambo kapena bonya.

Manambala aja a 5W-40 ambiri amawasokoneza. W ija ikuimira nyengo yozizira, nambala yoyambayo ikunena mmene oyilo amayendera injini ikadali yozizira, ikachepa ndiye kuti amathamanga msanga. Yachiwiriyo, 40, ikunena kulimba kwake injini ikatentha kufika madigiri 100. Apa ndi pomwe nkhani ya "kuno kumatentha" imagwera m'madzi, chifukwa injini ikamayenda imatentha pafupifupi chimodzimodzi kaya muli ku Berlin kaya ku Nchalo, thermostat ndi radiator ndi zomwe zimalamula, osati dzuwa la October. Inde kukwera mapiri a Thabwa kuchokera ku Chikwawa masana mutaponda kwambiri oyilo amatenthadi kuposa nthawi zonse, koma 5W-40 wa synthetic anapangidwira zomwezo. Zoti galimoto ya liwiro imafuna oyilo wolimba si lamulo, zimatengera injini. BMW M3 ija ya E46 imafunadi 10W-60, koma ndi chifukwa choti anaipanga choncho, musakopere.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine si mtundu wa oyilo ayi, ndi komwe mukagule. Oyilo wachinyengo wadzaza mu tauni muno, makamaka chigwereni kwacha mu November 2023 zinthu zochokera kunja zitakwera mtengo, aliyense akufuna chotchipa ndiye akamberembere apezerapo mwayi. Chaka chatha anandibweretsera Audi A4 ku galaja, injini ya banja lomwelo ndi yanuyi, nyali ya oyilo ikuthwanima. Mwini wake, bambo aulemu wawo, anachita kundionetsa chigubu chomwe anagula pa kashopu kena ku Limbe, dzina lalikulu lodziwika, mtengo theka la wa pa filing'i. Nditachiyang'anitsitsa chivindikiro chinali chomata ndi guluu, pepala la kutsogolo lopendekeka pang'ono, ndipo otsala m'chigubumo ndikuwanunkhiza anali ndi kafungo kopserera ngati oyilo wogwira kale ntchito amene angomusefa. Titatsitsa sampu, chibeseni cha pansi pa injini momwe mumakhala oyilo, tinapeza zakuda bii zomata ngati chikanga cha pansi pa mphika, kasefa kamene pampu imayamwira oyilo katatsekeka moti ndinachita kukapala ndi sikuludiraiva. Turbo inali itapita kale, ukagwira shafiti yake imagwedera ngati dzino la mwana. Bambo aja anangokhala pa tayala osayankhula kwa mphindi khumi.

Ndiye gulani pa filing'i yodziwika kapena kwa ma dealer enieni, landirani lisiti, onani kuti chivindikiro sichinatsegulidwepo. Ndipo kasevisi kakachitika imani pomwepo muone ndi maso anu chigubu chikutsegulidwa ndi kuthiridwa, si kuti amakaniko tonse ndife akuba ayi koma ena mwa ife timachititsa manyazi. Chigubu chopanda kanthucho chibooleni kapena pitani nacho kwanu, chifukwa zigubu zomwezo ndi zomwe anyamata amatola n'kukathiramo zinyalala zawo.

Injini yanu imalowa malita pafupifupi 4.6 mukasintha ndi fyuluta yomwe, ndiye chigubu cha malita 5 chikwana ndipo katsalako pang'ono. Kotsalako kasungeni mu buti. Ma TSI amenewa amamwa oyilo, buku la VW lenilenilo limati mpaka theka la lita pa makilomita 1,000 ndi zololedwa, ndiye muzisolola kandodo koyezera kaja sabata iliyonse galimoto itaima pamalo osatsetsereka, zomwe ku Chilomoni muchita kufufuza. Fyuluta musagule ya dzina losadziwika, Mann kapena Mahle ndi abwino.

Za nthawi yosinthira, ku Ulaya galimoto zimenezi amazilola kufika makilomita 30,000 pa oyilo wa longlife, koma kumeneko kulibe fumbi la ku Machinjiri kapena mzere wa galimoto wa pa Ginnery Corner 5 koloko pomwe injini ikungolira osayenda. Ine maganizo anga, makilomita 7,500, mukachedwa 10,000, kapena chaka chikatha ngakhale musanafikepo. Oyilo wa mtengo wapakati wokhala ndi 502 00 wosinthidwa pa nthawi yake amaposa Motul wodula amene mwamusiya zaka ziwiri poti munamugula modula. Komanso mukachokera kothamanga, mwachitsanzo mwaponda kuchokera ku Zalewa, makilomita awiri atatu omalizawo yendani pang'onopang'ono musanazimitse, turbo imazungulira kupitirira ka 100,000 pa mphindi ndipo imakhala ili psuu, oyilo akaima m'menemo amapserera.

Mlamu wanu uja ali ndi mfundo pang'ono, kupezeka kwa oyilo ndi nkhani. Mukasankha wosowa amene mpaka muyitanitse ku Johannesburg, tsiku lomwe nyali idzayake muli ku Mulanje mudzathira chilichonse chomwe mwapeza.

*

Amakaniko, ine ndi mayi wa ku Namiwawa, ndaitanitsa Toyota 86 kuchokera ku Japan yafika kudzera pa Dar es Salaam. Buku lake lonse ndi lachijapani. Ndamva kuti imafuna 0W-20 koma nditamuona akuoneka ngati madzi, sangaononge injini?

Mayi wa 86, Namiwawa

Mayi, mwamva zoona, ndi 0W-20 wa synthetic, ndipo musaope kupyapyala kwakeko. Injini ya galimoto yanuyo ndi ya Subaru, FA20, ija mapisitoni ake amagona cham'mbali, ndipo mipata ya mkati mwake ndi yaing'ono kwambiri moti inapangidwira oyilo wotere. Kumbuyo kwa chigubu fufuzani zilembo za muyezo wa oyilo, API SN kapena SP, SP ndiye watsopano mwa awiriwa, anayamba mu 2020. Imalowa pafupifupi malita 5 ndi theka, ndiye chigubu chimodzi cha malita 5 sichikwana, onjezerani kabotolo ka lita imodzi. 0W-20 akasowa mu tauni, 5W-30 wa synthetic ine ndimathira osaopa, koma osapitirira pamenepo. Sinthani oyilo ndi fyuluta sabata ino yomwe musanayambe kuyenda nayo maulendo, simukudziwa kuti yakhala miyezi ingati pa yadi ku Japan ndi pa doko. Fyuluta yake ili pamwamba penipeni mukangotsegula boneti, ndiye wina asakulipiritseni ngati wagona pansi pa galimoto tsiku lonse.