Kuyesa, kuyeza ndi kuunika pa bwalo la ndege

Bambo wina wa ku Mbare wandilembera kuti: "Titaperekeza mwana wanga pa bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe, tinatsutsana ndi alamu anga. Iwo akuti m'maiko ena 'akuyeza' makina atsopano oonera anthu ndi katundu, ine ndikuti 'akuyesa'. Wolondola ndani? Nanga chikwama chikalowa m'makinawo timati chikutani?"

Wolondola ndinu, bambo. Chinthu chatsopano timachiyesa kuti tione ngati chigwire ntchito, monga mwana wasukulu amayesedwa mayeso. Kuyeza ndi kufuna kudziwa kulemera, kutalika kapena zimene zili m'thupi: achipatala amayeza magazi, ndipo chikwama chanu amachiyeza pa sikelo kuti aone ngati chapitirira makilogalamu 23. Kuno ku Harare pali msampha wina. Pa Chishona kuika chinthu pa sikelo amati kuyera, ndiye ana athu ena amati "chikwama chayeredwa". Kwathu choyera ndi ufa ndi mtima, chikwama chimayezedwa.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landikondweretsa. Ambiri timati "asecha katundu", ndipo mawuwa ndi athu tsopano, sindiwakana. Komatu kusecha ndi kwa manja: kutsekula chikwama, kupisa m'matumba, kufunyulula zovala ngati pa chipikisheni cha apolisi pamsewu. Makina sapisa dzanja. Ine ndimati amaunika. Agogo athu ankaunika ndi chikuni chamoto kuti aone chimene chabisala m'mdima, ndipo makinawa akuchita zomwezo ndi kuwala kosaoneka ndi maso kumene kumapyola chikwama. Atsopano amene akuyesedwawo ndi a mtundu wa CT, ofanana ndi a kuchipatala. Amazungulira chikwama n'kuchijambula mbali zonse, kenako wantchito amatembenuza chithunzicho pa kompyuta ngati wanyamula katunduyo m'manja. N'chifukwa chake kumene aikidwa, anthu ambiri salamulidwanso kutulutsa laputopu. Pa mabwalo ena athandiza kale kufewetsa lamulo lija la zamadzimadzi zosapitirira mamililita 100 m'chikwama cha m'manja, limene linayamba mu 2006 apolisi a ku Britain atatulukira chiwembu chofuna kuphulitsa ndege ndi mabomba amadzimadzi.

Pa munthu ndiye tisamale pang'ono. Mukalowa m'makina aja oimamo mutakweza manja, nenani kuti "andiunika". Musati "andiyeza", chifukwa apongozi anu angaganize kuti mwadwala. Makinawo akalira, wachitetezo n'kukupapasani m'mbali, apo ndiye mwasechedwa.

Alamu anuwo muwauze mwaulemu kuti mawu awo ali ndi malo ake pa sikelo paja.