Hatchi sidziwa kuti kunja kuli m'bindikiro

Ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wa ku Ntcheu amene wakhala akusamalira mahatchi kufupi ndi Midrand, ku Joni, kwa zaka 9. Wapempha kuti dzina lake lisatuluke. Abwana ake ndi mayi wachikulire yemwe ali ndi kasukulu kophunzitsa ana kukwera mahatchi, ndipo tsopano afuna kupuma. Amuuza kuti atenge mahatchi 6 pamodzi ndi makasitomala, azilipira pang'onopang'ono. Mtima wake ukufuna, koma akakumbukira chaka cha 2020 amachita mantha, pakuti malipiro ake anadulidwa pakati kwa miyezi ingapo ndipo ndalama za boma zimene anzake ankakamba iye sanazione. Funso lake ndi ili: kodi eni mahatchi anathandizidwa bwanji nthawi ya Covid-19, n'chifukwa chiyani iye anatsala, ndipo avomere kapena akane?

Achimwene, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yaikulu chonchi. Ndiyamba ndi mbali yowawa. Thandizo la boma la South Africa limene likanafika pa khola ngati lanulo linkadutsa m'makomo omangidwira antchito onse, mabizinesi ang'onoang'ono onse, kapena a zokopa alendo, ndipo pakhomo lililonse ankafunsa mapepala. Amene anali ndi mapepala olongosoka analowa. Amene analibe anatsala panja, ngakhale kuti ndi iwo ankadzuka 5 koloko m'mawa kukachotsa ndowe.

Mukukumbukira mmene zinayambira. Pa 23 March 2020 Pulezidenti Cyril Ramaphosa analengeza m'bindikiro wa masiku 21, ndipo unayamba pakati pa usiku wa pa 26 March. Kenako anauonjezera mpaka kumapeto kwa April. Malamulo aja anaika kusamalira nyama ndi ntchito ya madokotala a ziweto m'gulu la ntchito zofunikira zimene sizingaime. Ndiye kuti inu munaloledwa kudyetsa, kumwetsa ndi kuyeretsa makola, koma ana amene makolo awo amabweretsa ndalama sankaloledwa kubwera. Ntchito inapitirira, ndalama n'kuima.

Apa ndi pamene bizinesi ya mahatchi imasiyana ndi zina. Wogulitsa nsapato akatseka shopu, nsapato sizimva njala. Hatchi yolemera makilogalamu 500 imafuna udzu wouma wapafupifupi makilogalamu 8 mpaka 10 tsiku lililonse, ndi madzi opitirira malita 25, kukatentha mpaka 50. Ziboda zimakula kaya kuli mliri kaya kulibe, ndipo zimafuna kusemedwa pakatha masabata 6 kapena 8. Choipa china n'chakuti m'bindikiro unafika dzinja la ku Gauteng lili pafupi, pamene chisanu chimapsereza msipu ndipo mtengo wa mabelo a zakudya za ziweto monga teff, eragrostis ndi lucerne umakwera. Miyezi imene anthu amagula udzu wosunga ndi imene ndalama zinaleka kulowa.

Komanso makola onse sanavutike mofanana, ndipo izi zikukhudza chisankho chanu mwachindunji. Khola losungira mahatchi a anthu ena limalandira ndalama mwezi ndi mwezi kuchokera kwa eni ake, kaya abwera kudzakwera kaya ayi. Ena analephera kulipira, inde, koma ambiri sakanalola hatchi yawo kufa ndi njala. Kasukulu ngati ka abwana anuko n'kosiyana: mahatchi ndi anu, udzu ndi wanu, ndipo ndalama imabwera pokhapokha mwana akakhala pa chishalo. Pa mabizinesi onse a mahatchi, mtundu umenewu pamodzi ndi woyendetsa alendo pa hatchi ndi umene umagwa msanga.

Tsopano za ndalama zimene simunazione. Dzina lake linali TERS, ndipo zinkachokera ku UIF, thumba la boma lothandiza anthu amene ntchito yawathera. Wantchito amene bizinesi yake inatsekedwa kapena kuchepetsa ntchito ankatha kulandira kuyambira R3,500 mpaka pafupifupi R6,700 pamwezi, malinga ndi malipiro ake. Koma poyamba wofunsira anali bwana, ndipo dzina la wantchito linkayenera kupezeka m'kaundula wa UIF. Lamulo limati aliyense wogwira ntchito maola opitirira 24 pamwezi alembetsedwe, bwana azidula 1 peresenti pa malipiro n'kuonjezerapo 1 peresenti yake. M'makola ang'onoang'ono ambiri izi sizinkachitika. Munthu amalandira ndalama pamanja, amapatsidwa kachipinda kuseri kwa khola ndi thumba la ufa, onse awiri n'kumaona ngati zili bwino. Zinali bwino mpaka tsiku limene kompyuta ya boma inafuna dzina lake.

Ngakhale obwera amene analembetsedwa bwinobwino anadikira nthawi yaitali kuposa anzawo a m'dzikomo, chifukwa makina ankatsimikizira anthu pogwiritsa ntchito nambala ya chiphaso cha South Africa, ndipo wa pasipoti ankafunika kuti abwana amulembenso kudzera pa uFiling, tsamba la pa intaneti la UIF. Mabwana ena anatopa nazo n'kusiya. M'kalata mwanu simunanene ngati pa pepala lanu la malipiro pankaoneka mzere wa UIF. Kayang'aneni. Ngati palibe mzerewo, kapena ngati pepala lenilenilo simunalilandirepo, yankho la funso lanu lachiwiri ndi limenelo. Ndipo musachite manyazi kuwafunsa mayiwo. Munthu amene akufuna kukusiyirani mahatchi ake sangakwiye ndi funso la chilungamo.

Makomo ena anali otsekeka kwa Mmalawi kuyambira pachiyambi. Ngongole yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono ya unduna woona za mabizinesiwo inkafuna kuti kampani ikhale yolembetsedwa ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, pofika pa 28 February 2020, eni ake onse akhale nzika za South Africa, ndipo antchito 70 pa 100 alionse akhalenso nzika. Taganizani khola limene osamalira ake onse ndi a ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Thumba la zokopa alendo linali ndi R200 miliyoni ndipo bizinesi imodzi inkalandira R50,000 basi, zomwe zinakwanira mabizinesi 4,000 m'dziko lonse. Nayo R350 ya pamwezi ya anthu osowa ntchito poyamba inali ya nzika, okhala mokhazikika ndi othawa kwawo ovomerezeka. Mu June 2020 bungwe lothandiza anthu obwera la Scalabrini Centre la ku Cape Town linapambana kukhoti, ndipo anaonjezerapo odikira mapepala a uthawi ndi okhala ndi zilolezo zapadera za Zimbabwe, Lesotho ndi Angola. Malawi alibe chilolezo chapadera chotero. N'chifukwa chake abale athu ambiri anakwera mabasi obwerera kumudzi, ena mwa iwo n'kukasungidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre mu May chaka chomwecho.

Mwatchulanso kuti munamva zoti a mipikisano ya mahatchi anapatsidwa ndalama zambiri. Ndalamazo sizinali za boma. Kampani ya Phumelela, imene inkayendetsa mabwalo monga Turffontein ndi Vaal, inali itayamba kale kudwala mliri usanafike, ndipo mu May 2020 inalowa m'ndondomeko yopulumutsa kampani yomwe ikugwa. Banja la Oppenheimer, kudzera ku kampani yawo ya Mary Oppenheimer Daughters, linabwereketsa R100 miliyoni kuti mipikisano isafe. Inayambiranso pa 1 June popanda oonerera, mpikisano waukulu wa Durban July unathamangidwa pa 25 July m'bwalo lopanda anthu, ndipo bwalo la Flamingo Park ku Kimberley linatsekedwa chaka chomwecho. Imeneyo ndi nkhani ya dziko lina la mahatchi. Kasukulu ka ana sikangayembekezere munthu wolemera chotero.

Amene ndimawavulira chipewa ndi mabungwe osamalira nyama. Ku Cape Town kuli anthu amene amadya chifukwa cha hatchi yokoka ngolo, akutola zitsulo zakale m'misewu ya ku Cape Flats. M'bindikiro utawaletsa kuyenda, banja ndi hatchi anagona ndi njala limodzi. Bungwe la Cart Horse Protection Association, lomwe lili ku Epping, linapempha anthu akufuna kwabwino kuti athandize, n'kumagawa chakudya cha mahatchiwo. Kwanuko kuli Highveld Horse Care Unit ku Meyerton, ndipo ku KwaZulu-Natal kuli Coastal Horse Care Unit. Amenewa amayang'ana nthiti za hatchi, osati pasipoti ya mwini wake. Koma nawonso amadalira zopereka, ndipo mliri ukabwera opempha amachuluka pamene opereka akuchepa. Adziweni lero, sungani nambala zawo, ndipo tsiku likadzaipa muwaitane hatchi isanaonde. Ndimamva chisoni ndi anthu amene amabisa vuto chifukwa choopa kulandidwa ziweto, mpaka hatchi kufika polephera kuimirira.

Kunena zoona, makola ang'onoang'ono amene anapulumuka anapulumuka ndi anthu awo omwe. Makolo ena anavomera kulipiriratu maphunziro a miyezi ya mtsogolo. Ena anatenga hatchi imodzi imene mwana wawo amaikonda n'kumaigulira udzu mwezi uliwonse. Oyandikana anaphatikiza ndalama n'kugula lole imodzi ya mabelo kwa mlimi, m'malo mogula mochepa kushopu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la khola ndi lolemera. Inu muli ndi mwayi pamenepa, pakuti makolo a anawo akudziwani kwa zaka 9 ndipo aona manja anu pa mahatchi awo.

Pa za kuchepetsa ndalama zowononga, ndikudziwa kuti mukudziwa zambiri kuposa ine, koma ndilemba chifukwa cha ena owerenga. Hatchi ikaleka kugwira ntchito, chochepetsa ndi chakudya cha m'matumba chija, osati udzu. Kuipatsa mbewu zodzadza pamene yangoima m'khola kumaumitsa minofu, ndipo ikadzangoyamba kuyenda imamangika msana ndi miyendo. Kunenepa kwambiri nako kumabweretsa matenda otupitsa mkati mwa ziboda. Koma kuimana udzu n'koopsa kwambiri, chifukwa mimba ya hatchi inapangidwa kuti izilandira pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo hatchi sisanza. M'mimba mukapotana usiku, ndalama ya dokotala idzaposa udzu wonse umene munkapulumutsa. Kusintha kulikonse kuchitike m'masiku 7 mpaka 10. Mahatchi ambiri amene akupuma pa nthaka yofewa akhoza kuchotsedwa nsapato zachitsulo n'kumangosemedwa ziboda, koma funsani kaye wokhoma nsapatoyo. Chimene simuyenera kudumpha ndi katemera wa matenda a mahatchi otchedwa African horse sickness, yemwe amabayidwa pakati pa June ndi October, tizilombo touluka tofalitsa matendawa tisanachuluke ndi mvula. Covid-19 sinaphe mahatchi. Matenda amenewa ndiye amapha, ndipo amapha msanga.

Ndiye muvomere? Mtima wanga ukuti musakane, koma musavomere mmene nkhaniyo ilili panopa. Choyamba ndi mapepala anu. Chilolezo chogwirira ntchito kwa bwana sichikupatsani ufulu woyendetsa bizinesi yanu, ndipo viza ya bizinesi imafuna kuti munthu aike R5 miliyoni. Ngati muli ndi chilolezo chokhala mokhazikika, nkhani ndi ina. Pitani kwa loya wodziwa malamulo a anthu obwera musanasaine kalikonse, ndipo musalole kuti kampani ilembedwe m'dzina la munthu wina mongobisalira. Mahatchi amene mwalipira ndi thukuta lanu akhoza kudzakhala a mwini dzinalo. Ngati lamulo silikulolani panopa, kambiranani ndi mayiwo kuti bizinesi ikhalebe yawo, inu mukhale woyang'anira wolembedwa, wokhala ndi UIF, wolandira gawo la phindu, zonse zili papepala. Palembedwenso kuti ngati boma litseka makola, malipiro anu ogulira mahatchiwo aime kaye mpaka ana atabwerera.

Kenako werengani udzu. Mahatchi 6, makilogalamu 10 iliyonse, masiku 90: ndiwo makilogalamu 5,400. M'bindikiro wokhwima wa 2020 unatha masabata 5, koma makolo sanabwerere tsiku lomwelo, ndipo ena ntchito zinawathera osabwereranso. Miyezi itatu ndiye muyeso umene ine ndingagone nawo tulo. Funsani mlimi mtengo wa udzu umenewo mu March, udzu ukangodulidwa, muonjezerepo za wosema ziboda maulendo awiri, katemera, lendi ya malo ndi malipiro a amene azidzakuthandizani. Ameneyo mudzamulembetse ku UIF mwezi woyamba, pakuti mukudziwa mmene kutsala panja kumawawira. Ngati ndalama imeneyo simungaisonkhanitse m'chaka choyamba, yambani ndi mahatchi 3 kapena 4, ndipo makola otsalawo musungiremo mahatchi a anthu ena olipira pamwezi.

Mukakumana ndi mayiwo Lamlungu likubwerali, apempheni akuonetseni mabuku a ndalama a kuyambira March mpaka September 2020, mwezi ndi mwezi. Muone zimene zinalowa, zimene zinatuluka, ndi amene anatseka dzenjelo. Mukapeza manambalawo munditumizire, pamodzi ndi zaka za hatchi iliyonse, tiwerengere limodzi.