Makamera anali maso, koma palibe chimene chinajambulidwa

Mayi wina andilembera pa imelo. Ali ndi makamera anayi achitetezo komanso kompyuta yakale ya purosesa ya Intel Core i5 imene yangokhala m'kabati, ndipo akufunsa pulogalamu yoti aikemo kuti izijambula. Mayi, funso lanu landikhudza pachilonda, ndiye mundipirire, ndiyamba ndi zanga.

Ine ndinatha masabata awiri ndikusankha pulogalamu. Usiku uliwonse ndinkaika ina n'kuichotsa, mpaka ndinapeza yondisangalatsa, imene inkazunguliza kabokosi pa chilichonse chogwedezeka pabwalo. Alendo akabwera ndinkawaonetsa. Kenako m'mawa wina tinapeza zenera la chipinda chosungiramo katundu litathyoledwa, njinga ya mwana ndi makina osokera a mkazi wanga zitapita. Ndinathamangira ku kompyuta mtima uli m'malo, ndikudziwa kuti nkhope ya wakubayo ndili nayo. Kanema womaliza anali wa masiku 9 m'mbuyomo. Magetsi anali atazima tsiku lina masana, ndipo atabwera makamera anayaka okha koma kompyuta ayi. Timagetsi tofiira ta makamerawo tinkawala usiku uliwonse, ife n'kumagona tulo tofa nato. Mkazi wanga sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Ndiye masiku onsewa panalibe chotiyang'anira?" Funso limenelo limandiwawabe mpaka lero, chifukwa makina aja anali a malemu amayi ake.

Kuyambira pamenepo sindimvetseranso mikangano ya pulogalamu yoposa inzake posiyanitsa munthu ndi mphaka. Ndikunena mosapsatira: pulogalamu imene siyambanso kujambula yokha magetsi akabwera ndi yachabechabe, kaya ikhale yanzeru bwanji. Ndipo amene amalangiza anzawo kuti angojambula pakakhala chogwedezeka chokha amawalakwira. Wakuba woyenda pang'onopang'ono mumdima, pulogalamu imatha kumuphonya, kapena kuyamba kujambula iye atatembenuka kale. Jambulani usana ndi usiku, kugwedezekako kungokhala chizindikiro chokuthandizani kupeza malo pa kanema.

Chinanso chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chotsegula ma port, tizitseko tolowera kuchokera pa intaneti, pa router, kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba, kuti munthu aziona makamera pa foni ali kutali. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi zipangizo zina zambirimbiri pongoyesa mapasiwedi amene zinabwera nawo kuchokera kufakitale. Kamera yoteteza banja n'kusanduka zenera loti mlendo azisuzumirapo ana anu! Sinthani pasiwedi tsiku loyamba, ndipo mukafuna kuona muli kutali gwiritsani ntchito VPN, njira yotetezedwa yolumikizira foni ku netiweki ya kunyumba, monga WireGuard kapena Tailscale. Pa chifukwa chomwechi, ngati kompyutayo ili ndi Windows 10, dziwani kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwachizolowezi pa 14 Okutobala 2025.

Zimene zimatopetsa kompyuta yakale

Kusunga kanema sikuitopetsa. Chimene chimaipha ndi kumasula chithunzi chilichonse kuti ione ngati china chagwedezeka, makamaka ikamasinthanso kanemayo isanamusunge. Apo m'pamene fani imalira usiku wonse. Makamera ambiri amatulutsa kanema wamitundu iwiri nthawi imodzi: wamkulu wooneka bwino, ndi wamng'ono wotchedwa substream, wa 640x360 kapena kuyandikira apo. Pulogalamu yabwino imasunga wamkuluyo mmene wabwerera, osamukhudza, n'kumayang'ana kugwedezeka pa wamng'onoyo. Mukachita zimenezi, makamera anayi si katundu wolemera kwa i5. Mapurosesa ambiri a Intel ali ndi Quick Sync kuyambira 2011, imene imapeputsa ntchito yomasulayo, koma H.265, njira yatsopano yopanikizira kanema kuti achepe, amaimasula bwinobwino ndi a m'badwo wachisanu ndi chimodzi, a 2015, kupita m'tsogolo. Yanu ikakhala yakale kuposa apo, ikani makamera pa H.264, njira yakale ya ntchito yomweyo.

Musanapite patali, onani ngati makamera anu ali ndi RTSP kapena ONVIF, njira zimene kamera imalankhulira ndi mapulogalamu a makampani ena. Ena amangolankhula ndi pulogalamu ya pa foni ya kampani yawo basi, ndipo amenewo nthawi zambiri palibe chimene mungaike pa kompyuta choti chiwamve. Ndaona anthu akuvutika sabata yathunthu akuganiza kuti alakwitsa penapake, chonsecho kamerayo inatsekedwa dala.

Hard disk nayo anthu amaiiwala. Kamera imodzi yotumiza kanema pa liwiro la 4 Mbps imadya pafupifupi 43 GB patsiku, anayi ndi 173 GB, ndiye 1 TB sikwana masiku 6. Ya m'kompyuta yakaleyo yatopa kale, musaidalire. Pezani yopangidwira kulemba osapuma, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk.

Tsono yankho lanu, Mayi. Ngati simukufuna kulimbana ndi Linux, imene imaikidwa pa kompyuta m'malo mwa Windows, yambani ndi Agent DVR, ndi yaulere mukamaigwiritsa ntchito m'nyumba mwanu. Blue Iris ndi yogula ndipo imafuna Windows, koma ndi yokhwima. Ngati muli ndi wokuthandizani pa Linux ndi Docker, chida choikira mapulogalamu, ine ndingasankhe Frigate. ZoneMinder yakhalapo zaka zoposa 20, koma kuitchera bwino kumafuna kuleza mtima.

Iliyonse imene mungasankhe, lowani mu BIOS, malo otcherera kompyuta ikamangoyaka kumene, muyatse Restore on AC Power Loss kuti iziyaka yokha magetsi akabwera, muonetsetse kuti pulogalamuyo imayamba popanda munthu kulemba pasiwedi, ndipo wotchi ya makamera ikhale yolondola. Mukatero zulani pulagi pakhoma, muibwezere, muchokepo osakhudza kanthu. Pakatha mphindi 10 bwererani mukaone ngati pali kanema watsopano. Ine ndimachita zimenezi mwezi uliwonse. Mundilemberenso nambala yonse ya purosesa yanu ndi mtundu wa makamerawo, tione ngati H.265 ingatheke.