Funsani Dokotala: Ndikudya thukuta la mkazi wanga

Adokotala, ndine bambo wa zaka 41, ndili pachikamwini kuno ku Bembeke m'boma la Dedza. Anandipeza ndi chifuwa chachikulu ndipo uno ndi mwezi wachitatu ndikumwa mankhwala. Kutsokomola kunaleka koma mphamvu ndilibe. Ndikangounga mizere iwiri, phuma limandikwera, miyendo n'kumanjenjemera. Mbatata ya kachewere kudimba akuthirira ndi mayi akunyumba ndi mwana wathu wachisamba, ine ndili pakhonde. Apongozi sanandinenepo kanthu, koma ndikawaona akudutsa ndi khasu paphewa ndimalowa m'nyumba. Nsima sindiimva kukoma poganiza kuti sindinaikhetsere thukuta. Ndimadzuka tambala asanalire n'kumadzifunsa kuti phindu langa n'chiyani pakhomo pano. Kodi pali jakisoni wa mphamvu woti ndibwerere kumunda msanga?
Bambo wa ku Bembeke

Bambo, jakisoni wotero kulibe, ndipo wina akakuuzani kuti ali naye, akufuna ndalama zanu.

TB imadya thupi mwakachetechete kwa miyezi munthu asanapezeke nayo. Minofu imatha, magazi amachepa, m'mapapo mumatsala zipsera. Mankhwala akayamba kugwira ntchito, kutsokomola ndiko kumayambirira kutha, ndiye anthu amaganiza kuti mwachira. Koma minofu imabwerera pang'onopang'ono, ndipo ena amafika kumapeto kwa miyezi 6 ya mankhwala mphamvu zisanabwereretu. Inu muli pakati pa ulendowu. Miyendo imene ikunjenjemerayo ikunena zoona.

Mukapita kukatenga mankhwala, muwauze zonse zimene mwandiuzazi. Pemphani akuyezeni kuchuluka kwa magazi. Kwa mwamuna, akatsika pa 13 ndiye kuti achepa, ndipo zimenezi pazokha zimabweretsa phuma pa ntchito yaing'ono. Akuyezeninso shuga, komanso HIV ngati simunayezetse, chifukwa matenda awiriwa amayendera limodzi ndi TB. Ngati mapazi akuchita dzanzi kapena kutentha, nenani: mankhwala a isoniazid amatero, ndipo pali vitamini B6 wothandiza. Mowa usiyeni kaye, ngakhale wa masese, popeza mowa ndi mankhwala amenewa zimapweteka chiwindi. Mazira, usipa, nyemba, soya ndi ndiwo zotendera muzidya mosadzimana.

Za chikamwini ndikuzidziwa, ndipo sindikupeputsa. Mkamwini amadziwika ndi khasu lake, ndipo kukhala pakhonde pa mudzi wa eni dzuwa lili pamutu n'kowawa kuposa kukhala pakhonde kwanu. Koma taganizani bwino. Munthu amakhala ndi mlandu pamene mphamvu anali nazo, ntchito anaiona, n'kuikana dala. Inu khasu munalitenga, thupi n'kukanika. Apongozi anu sananene kanthu. Chigamulo mwadzipatsa nokha, n'kuchiika m'kamwa mwawo. Kodi mayi akunyumbawo munawafunsapo maganizo awo? Akazi ambiri amene amaperekeza amuna awo kuchipatala amandiuza kuti kuthirira okha sikuwapweteka mtima. Chimene chimawapweteka n'chakuti bambo asiya kulankhula, asiya kudyera pamodzi ndi ana. Khalani nawo pansi usiku uno. Ngati kulankhula ndi apongozi kukukulemerani, ankhoswe alipo, akawafotokozere kuti achipatala anena miyezi ingati.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa manyazi amenewa ndawaona akupha anthu. Bambo amatopa ndi kukhala, amanyamuka kukagwira ganyu ku Mozambique kapena kuesiteti, mankhwala n'kuthera komweko. TB imabwerera, nthawi zina itasanduka yosamva mankhwala, imene chithandizo chake n'cholemetsa kwambiri. Pamenepo mundawo umagonera chaka china, ana nawonso ali pangozi yotengera.

Pali china m'kalata yanu chimene chandiimitsa: kudzuka usikusiku, kusamva kukoma chakudya, kubisala anthu, kudziona wopanda phindu. Zimenezi zikakhala tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri kapena kuposera, timaganizira matenda a kukhumudwa, amene amagwira odwala TB ambiri. Matendawa amachititsa munthu kudziimba mlandu ngakhale pa zinthu zimene sanalakwe, ndipo amawonjezera kutopa komweko. Amachizika. Pachipatala chachikulu cha Dedza funsani anamwino oona za matenda a maganizo. Ena uphungu umawakwanira, ena amapatsidwanso mankhwala, amene amatenga masabata awiri mpaka anayi kuti munthu ayambe kumva kusintha. Ngati maganizo akuti "bola nditangofa" anakufikiranipo, musadikire tsiku la sikelo ya mankhwala. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala, ndipo mankhwala opopera mbatata asungidwe kwina kumene simungawafike.

Pakadali pano sankhani ntchito yokhala pansi: kusankha mbewu ya mbatata, kutonola chimanga, kuyang'ana makope a ana akaweruka kusukulu. Yendani pang'ono m'mawa dzuwa likatentha, muziwonjezera mtunda sabata ndi sabata. Khasu mulibwerere pamene mukutha kuyenda mpaka kudimba ndi kubwerako osapumira panjira.

Adokotala, ndimagulitsa kabichi ndi tomato pamsika wa Lizulu. Sindijomba ngakhale Lamulungu, chifukwa ndikakhala pakhomo mtima umandiuza kuti ndikulakwira ana anga. Mutu umandiwawa pafupifupi tsiku lililonse, ndimangomwa panado. Nditani?
Mayi wa ku Lizulu

Mayi, yambani mwakayezetsa BP. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikuonetsa chizindikiro, ndipo kukamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza kumafunika chithandizo. Kenaka werengani masiku amene mumamwa panado. Akamafika 15 pa mwezi kwa miyezi itatu, mapiritsi omwewo amatha kuyambitsa mutu wosatha, ndiye munthu amamwanso ena. Mutu woyamba mwadzidzidzi mwamphamvu, wobwera ndi kusanza, kusaona bwino kapena kufooka mbali imodzi ya thupi, umenewo ndi wothamangira nawo kuchipatala nthawi yomweyo.

Ndikudziwa kuti tomato sadikira, ndipo tsiku losagulitsa ndi ndalama yotayika. Koma thupi la munthu wamkulu limafuna tulo ta maola 7 kapena kuposa, ndipo inu amene mumalawirira magalimoto a pa msewu wa M1 ndikukayika ngati mumawakwanitsa. Ana anu akudalira thupi lomwelo, ndiye kulipumitsa n'kuwasamala iwo. Onani tsiku limene malonda amakhala ozizira, mupangane ndi mnzanu wa benchi loyandikana: iye akugulitsireni tsiku limenelo, inu mudzamugulitsire lake. Masabata oyamba mtima udzakuvutanibe mukakhala pakhomo, koma musabwerere kumsika chifukwa cha zimenezo. Pakatha mwezi mutu usanasinthe, pitani akakupimeni bwinobwino, mutatenga pepala limene mwalembapo masiku amene unawawa.