Kodi mawu oti “wamisala” ndi oyenera m'ndakatulo?

Mphunzitsi wina wa ku Kamwendo, m'boma la Mchinji, walemba kuti ophunzira ake akupeka ndakatulo zoti adzalakatule pa 10 Okutobala, tsiku loganizira za umoyo wa m'maganizo pa dziko lonse. Iye akufunsa ngati mawu oti “wamisala” ndi oyenera, komanso ngati “kukhumudwa” kukukwanira kutchula matenda amene amafooketsa munthu kwa miyezi.

Aphunzitsi, “misala” ndi Chichewa chenicheni ndipo sitingachichotse m'chiyankhulo, pakuti ngakhale makolo anati wamisala anaona nkhondo, kutiphunzitsa kuti munthu wonyozeka naye amayenera kumveredwa. Vuto ndi lakuti mawuwa ndi opapatiza. Mchewa akawamva amaona munthu wovala nsanza amene akuyankhula yekha pamsika, pamene ambiri ovutika m'maganizo amasamba, amapita kumunda ndi kusukulu, ndipo palibe amene amawazindikira. Onaninso kuti “wamisala” ndi dzina limene limalowa m'malo mwa munthu yense, pomwe “mayi amene akudwala matenda a maganizo” akadali mayi, ndipo mneni “akudwala” akusiya mpata woti angachire. Choncho ndikulangiza kuti mawuwa aikidwe m'kamwa mwa anthu onyoza amene ali m'ndakatulomo, koma mlakatuli mwini asawagwiritse ntchito potchula wodwalayo.

Funso lachiwiri ndi lovutirapo. Tanthauzo loyamba la “kukhumudwa” ndi kupunthwa phazi pa mwala kapena pa chitsa, ndipo lero timanena kuti takhumudwa timu yathu ikagonja kapena fodya akagulidwa pa mtengo wotsika. Zimenezi zimatha pakapita masiku, n'chifukwa chake mawuwa amapepuka akayikidwa pa matenda okhalitsa. M'nkhani ndi m'malangizo a zaumoyo, “matenda ovutika maganizo” amamveka bwino.

Koma ndakatulo si chikalata cha kuchipatala, ndipo ine ndimadandaula ndikaona ana athu akudzaza mizere ndi mayina a matenda pamene Chichewa chili ndi mvekero ndi zining'a zokwanira. Munthu amakhala ndwii pakhonde nsima ikuzizira, amayenda ali zyoli, amagwa mphwayi ndi ntchito imene ankaikonda, mtima umakhala m'mwamba usiku wonse, kenako amataya mtima. Mzere wakuti “bambo ali khuma, khasu lachita dzimbiri” udzafika msanga kwa omvera kuposa mzere wongotchula matendawo, ndipo udzatsutsa mawu aja akuti mwamuna salira popanda kuwatchula n'komwe.

Pa kalembedwe, ophunzirawo alembe “m'maganizo” ndi nkhodolero, chifukwa ndi chidule cha “mu maganizo”, ndipo asasakanize khunyu ndi misala monga momwe ambiri amachitira, pakuti khunyu ndi matenda ena a muubongo amene ali ndi mankhwala akeake.